Tsiku Limene Tsabola Anathimitsa Magetsi

1

Ndakhala ndikulemba mitu ya nkhani kuyambira utsikana wanga, ndipo m'zaka zonsezo sindinalotepo kuti tsiku lina nkhani yofuna mutu idzakhala ineyo. Dzina langa ndine Velika Staneva. Ndalitchula msanga, ndipo ndikupemphani kuti muligwiritse, pakuti zonse zimene ndikuuzeni ndi za dzina limeneli, ndi m'mene linatsalira pang'ono kundipulumuka ndili maso.

Ndimagwira ntchito ku Belu la Yambol, nyuzipepala yaing'ono ya mumzinda wathu wa Yambol, imene anthu amaigula makamaka kuti aone amene wamwalira ndi amene wamangidwa. Atolankhani amabweretsa nkhani ili mbulanda, ine ndimaiveka chipewa. Ntchito yooneka yopepuka. Koma chipewa ndicho chimene munthu amayamba kuona, ndipo ambiri saonanso china.

Pamene ndinkayamba ntchito, mwamuna ankalowa m'nyuzipepala ndi dzina ndi udindo wake, pomwe mkazi ankalowamo ndi zaka zake ndi chiwerengero cha ana ake. Dokotala wamwamuna akapulumutsa wodwala, mutu unkamutchula dzina lonse. Wamkazi akachita zomwezo, mutu unkati: "Mayi wa ana atatu adabwitsa chipatala." Woweruza milandu wamkazi anali "mkazi wa injiniya," ngati kuti mwamuna wakeyo ndiye ankamuwerengera malamulo pogona. Ndinalimbana ndi chizolowezi chimenecho mutu ndi mutu, monga munthu wozula namsongole ndi zala, mpaka ku Belu mkazi aliyense anayamba kulowa ndi dzina lake. Ana ndilibe, munda wa mphesa ndilibe, mwamuna wanga anatsogola kalekale. Chuma changa chonse chinali chimenecho.

2

Mliri uja utabwera, tonse tinatumizidwa kunyumba, makompyuta ali m'khwapa. Mliri unatha, koma ine sindinabwerere. Ofesi yathu ili pamwamba penipeni pa nyumba yosanja yopanda chikepe, ndipo mawondo anga anali atalengeza kale ufulu wodzilamulira. Ndinaonanso kuti mutu wa nkhani umapsa bwino pamene palibe munthu woima kumbuyo kwako akupumira m'khosi mwako.

Amene anadana nazo zimenezi anali mkonzi wamkulu, Bambo Metodi Parushev, mwamuna wamasiye wa ndevu zapamlomo zotuwa, amene amavala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Lachisanu lina analemba patsamba la maganizo kuti: "Nyuzipepala siphikidwa m'khitchini. Imabadwa m'phokoso, m'mikangano, pakati pa anthu oonana maso ndi maso."

Lachisanu lotsatira ndinawayankha patsamba loyang'anana nalo: "Phokoso limene a Parushev akulisowa ndi la amuna okangana za mpira, akazi akuwakonzera khofi."

Nkhondo inayambira pamenepo. Mlungu ndi mlungu, iwo kumanzere, ine kumanja, tinkalasana mwaulemu wonse. Nyuzipepala inayamba kutha pamsika dzuwa lisanafike pamutu. Amayi ogulitsa tchizi ankandikuwira kuti, "Apatseni, Mayi Staneva, musawasiye!" Madoda a m'nyumba ya khofi ya pafupi ndi mtsinje ankaimirira a Parushev akamadutsa, ngati kukudutsa mkulu wa asilikali.

Pakati pathu panali Zlatin, mkonzi wa tsamba lathu la pa intaneti, bambo wa ndevu zosamalidwa ngati maluwa, amene mulungu wake ndi chala cha wowerenga. Tsiku lina anaika mkangano wathu pa intaneti ndi mutu wakuti: "Agogo akana kutuluka m'khitchini." Ndinamuimbira foni nthawi yomweyo.

"Zlatin, mwana wanga, agogo amenewa ndi a yani? Ndiwadziwe, mwina ndiwapatse moni."

"Aaa, Mayi Staneva, musatero. Ndi kalembedwe ka masiku ano. Anthu amadina akaona mawu akuti agogo."

"A Parushev ndi aakulu kwa ine, ndipo ali ndi zidzukulu zenizeni. Iwo wawatcha chiyani?"

"Iwo aja... mkonzi wamkulu."

"Ndiye chotsa agogowo usanawaone akukwera masitepe ndi ndodo."

Anachotsa. Koma ndinamva m'mawu ake kuti wangowasunga m'kabati, kudikira tsiku lawo.

3

Tsopano ndiulule theka la chinsinsi changa. M'nyumba mwanga munali mwamuna.

Anabwera m'masiku a mliri kudzabwereka buku, naima pakhomo, nsalu itaphimba pakamwa. Anabweranso kudzalibweza, ndipo tinakangana za mathero ake mpaka khofi anazizira. Kenaka anabwereka lina. Mabuku anga ndi ambiri, ndipo pofika pashelefu yachitatu, masilipasi ake anali atapeza malo pafupi ndi anga. Amati tsabola wakale sawawa. Wonena mawuwo anali asanalawe wa ku Yambol.

Amene anaumirira chinsinsi ndine, osati iye. Iye ankafuna kundigwira dzanja pamsewu waukulu Lamlungu madzulo, mzinda wonse ukuona. Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu. Ndimaidziwa ntchito yanga: ndinkadziwa chipewa chimene mzinda ukanandiveka, ndiponso kuti chikangovalidwa sichivulika. Velika Staneva akanafa ali moyo, n'kutsala "chibwenzi cha uje."

Inafika Sepitembala, mwezi umene mzinda wonse umanunkhira tsabola wowotcha. Pakhonde lililonse pamakhala chushkopek, kang'anjo ka magetsi kooneka ngati mtsuko, kamene timawotcheramo tsabola wofiira mmodzimmodzi mpaka khungu lake litada, kenaka n'kumusenda ndi kumuphika ndi matimati kuti tikhale ndi lyutenitsa wopaka pabuledi m'nyengo yachisanu. Mkazi wa msinkhu wanga wopanda mabotolo a lyutenitsa m'chipinda chapansi amayang'anidwa ngati wodwala. Mwamuna wanga wachinsinsiyo, amene chibadwire anali asanasendepo ngakhale mbatata, anagwa m'chikondi ndi kang'anjoko. Anagula tsabola matumba athunthu, ndipo ankakhala pakhonde atavala epuloni yanga ya maluwa, akuwotcha uku akuimba nyimbo za m'tchalitchi.

Loweruka lina belu la pakhomo linalira. Anali Mayi Siyka, wosunga ndalama wa ku ofesi, mkazi amene maso ake amawerenga ngakhale zimene sizinalembedwe. Mwamunayo anathawira pakhonde nagwada kuseri kwa matumba.

"Ndangodutsa, a Velika, ndati ndikubwezereni mabotolo anu a chaka chatha," anatero akuvula nsapato. Maso ake anagwa pansi. "Iii! Masilipasi awa ndi a yani? Ngati mabwato!"

"A alendo."

"Alendo anu onse ali ndi phazi limodzi? Chidendene chadyeka mbali imodzi yokha."

"Ndimawavala ndekha mapazi akatupa."

"Ooo." Ananunkhiza mpweya. "Tsabola wanu akupserera pakhondepo. Ndikakutembenuzireni?"

"Ayi! Khalani pansi. Ndimamukonda wopserera."

Anamwa khofi wake pang'onopang'ono, monga munthu wosathamangira kumwamba. Potuluka anati: "Dziko likusintha, mnzanga. Akazi akuvala masilipasi a zimphona, amuna odya buledi wouma akunenepa popanda chifukwa. Ine ndimangoona." Anapita akuseka ndi mapewa.

4

Mlungu wotsatira mwini nyuzipepala, Bambo Harizanov, amene amakhala kunja kwa dziko, ku Vienna, ndipo amatikumbukira misonkho ikayandikira, anatopa ndi mkanganowo. Analamula msonkhano wa pakompyuta Lachitatu m'mawa. Mbali iliyonse inene zake, iye agamule: kaya tonse tibwerere ku ofesi, kaya ayi. Kwa ine kubwerera kunali kupuma pantchito, pakuti mawondo anga sakanasaina pangano lina.

Tsoka lake, Lachitatu lomwelo tsabola wa m'matumba apansi anali atayamba kufewa. Tsabola sadziwa za misonkhano. Ukamuchedwera tsiku limodzi, umataya thumba lonse. Mwamuna wa m'nyumba mwanga anayang'ana matumbawo ngati bambo woyang'ana ana odwala, nanena kuti sapita kulikonse.

"Ukhale, koma kang'anjoko usakayatse mpaka msonkhano utatha," ndinamuuza. "Ukudziwa magetsi a nyumba ino."

"Ndamva, Veli."

"Walumbira?"

"Ndamva, ndati. Ndalumbira."

Ndinakhala patebulo la m'khitchini, ndinatsegula kompyuta. Nkhope zinatulukira pagalasi, iliyonse m'kabokosi kake: Bambo Harizanov ku Vienna, Zlatin ndi Mayi Siyka ndi atolankhani atapanikizana ku ofesi, ndipo pakona, Bambo Parushev, tayi ili pakhosi, kumbuyo kwawo kuli khoma loyera. Ofesi inali itauzidwa kuti ali ku hotelo ku Sofia, likulu la dziko lathu, pa ulendo wa ntchito.

Iwo ndiwo anayamba. Analankhula bwino, ndivomereze. Anati mtolankhani wachinyamata amaphunzira poonera akuluakulu, osati poyang'ana khoma la chipinda chake. Anati munthu wogwirira ntchito kunyumba mtima wake umagawanika, theka pankhani, theka pamphika. "Ine," anatero akugunda pachifuwa, "sindinalembepo ngakhale mzere umodzi pafupi ndi mbaula."

Ine ndinayankha kuti akazi a mzinda uno akhala akugawa mitima yawo pakati pa ntchito ndi mphika kuyambira kale, koma palibe anaitanitsa msonkhano. Nkhawa yayamba lero chifukwa mphikawo waoneka pakamera. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndi mawu osankhidwa bwino, mpaka kummero kunauma. Ndili chilankhulire, ndinatambasula dzanja ndi kuyatsa ketulo ya magetsi.

Phaa! Firiji inaleka kulira. Nkhope zonse zinauma pagalasi.

Aliyense wokhala m'nyumba zosanja zakale zija amadziwa lamulo limeneli kuposa malamulo khumi: chushkopek ndi ketulo siziyakira pamodzi. Fyuzi inali itapsa, intaneti itapita nayo. Ndipo ngati inapsa, ndiye kuti wina anali ataswa lumbiro lake.

Ndinamva masilipasi akuthamanga m'khonde la m'kati, chitseko cha kabokosi ka magetsi chikutsekuka, munthu akung'ung'udza. Posakhalitsa firiji inayambanso kulira. Sindinazindikire kuti kompyuta yanga, imene inali ikuyendabe ndi batire, yalumikizananso yokha, kamera ili chitsegukire. Ndinali nditatembenukira kuchitseko, manja m'chiuno.

Analowa atanyamula fyuzi yopsayo m'mwamba ngati umboni wa m'khoti. Kumtunda jekete ndi tayi. Kumunsi epuloni ya maluwa, kabudula, ndi masilipasi ngati mabwato.

"Veli, mtima wanga, ndakuuza kangati kuti ketulo imeneyi idzatipha? Ndinangoikamo tsabola mmodzi yekha! Mmodzi!"

Kuchokera pakompyuta kunamveka mawu a Mayi Siyka, odekha ngati a namwino: "Mwafikako bwino ku Sofia, Bambo Parushev?"

5

Inde, owerenga anga. Mdani wanga wa Lachisanu lililonse, mtetezi wa ofesi, munthu amene sanalembepo mzere pafupi ndi mbaula, ndiye mwini masilipasi aja. Khoma la hotelo ya ku Sofia linali khoma la chipinda changa chogona, titachotsapo chithunzi cha mayi anga. Pagalasi, m'kabokosi kake, munkaoneka mpando wopanda munthu.

Musaganize kuti mkangano wathu unali sewero. Metodi amaikhulupiriradi ofesi. Mkazi wake atamwalira, phokoso la m'menemo ndilo linamusunga ndi moyo. Inenso ndimakhulupirira zanga. Tinkalemba nkhani zathu zolasanazo patebulo limodzi, aliyense ataphimba pepala lake ndi mkono ngati ana a sukulu pamayeso, kenaka tinkadya chakudya chamadzulo osalankhulana mpaka pa zipatso.

Ofesi yonse inaphulika ndi phwete. Wina anagwa pampando. Bambo Harizanov ankapukuta misozi ndi mpango ku Vienna. Amene sanaseke ndi Zlatin yekha; maso ake ankawala ngati a mphaka woona chiwindi.

"Bwana," anatero, "pofika masana mzinda wonse ukhala utamva. Tisalole ena atidyere nkhani yathu. Tiitulutse tokha, tsamba loyamba. Mutu ndili nawo kale." Anakweza dzanja ngati akuulemba m'mwamba. "Agogo a zaka 68 akola mkonzi wamkulu ndi tsabola."

Agogo aja anali atatuluka m'kabati.

Anthu anasekanso, ndipo mwini nyuzipepala anagwedeza mutu movomera. Ine m'maganizo ndinaona mutuwo utapachikidwa pamalo onse ogulitsira nyuzipepala, ndinamva madoda a m'nyumba ya khofi akuti, "Ndiye chifukwa chake ankamulola kukhala kunyumba!" Ntchito ya moyo wanga wonse inali ikusanduka mphatso ya pamtsamiro, ndipo dzina langa silinalimo n'komwe m'chiganizocho.

Metodi anaika fyuzi patebulo. Anakoka mpando, nakhala pambali panga, epuloni ili chivalire, nakonza tayi yake.

"Zlatin," anatero ndi mawu ake a ku ofesi, "pa Belu mitu ya tsamba loyamba imalembedwa ndi munthu mmodzi, ndipo anayamba kuilemba iwe usanamere mano. Nkhani itulukedi, tailakwira tokha. Koma chipewa aiveke ndi Mayi Staneva. Apo ayi, Bambo Harizanov, mufune mkonzi wina lero lomwe."

"Wovala epuloni kapena wosavala?" anafunsa Mayi Siyka.

Mwini nyuzipepala anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anati: "Chabwino. Alembe okha. Ndikufuna ndione m'mene munthu amadzimetera yekha kunkhongo."

6

Masana amenewo tinakhala pakhonde tikusenda tsabola, pakuti manyazi ndi manyazi koma matumba anali akudikirabe. Zala zathu zinada bii. Ndinaganiza, ndinafufuta m'mutu, ndinaganizanso. Potsiriza ndinapukuta manja, ndinalemba mzere umodzi pakompyuta, ndi kumutembenuzira.

"Bambo wa ana awiri apezeka m'khitchini ya Velika Staneva."

Anawerenga. Ndevu zake zinagwedera. Anawerenganso.

"Dzina langa lili kuti?"

"M'ndime yachitatu, pafupi ndi zaka zako ndi mtundu wa epuloni."

"Koma Veli, ine ndine mkonzi wamkulu! Ndalemba za maboma atatu akugwa! Bambo wa ana awiri ndiye chiyani? Ngakhale woyendetsa basi ndi bambo wa ana awiri!"

"Ana si ako?"

"Ndi anga, koma..." Anaima pomwepo. Anayang'ana tsabola amene anali m'dzanja lake. "Mitu yotere ndinailembapo yambiri, eti?"

"Usanakhale ndi imvi, unali katswiri."

Ndinakoka kompyuta kuti ndifufute. Kunena zoona ndinangofuna kuti alawe, osati kuti ameze. Lamulo langa lakhala limodzi nthawi zonse: munthu aliyense alowe ndi dzina lake, ndipo sindinafune kuliswa pofuna kubwezera. Koma iye anandigwira dzanja, zala zake zomata zikusiya chidindo pamkono wanga.

"Usiye momwemo. Kamodzi kokha. Mzinda ulawe nawo."

Lachinayi nyuzipepala inatha anthu asanamalize khofi wam'mawa. Ndipo popeza madandaulo okhudza mitu amabwera kwa wolemba mitu, foni ya m'khitchini mwanga inalira tsiku lonse. Onse oimba mokwiya anali amuna.

"Mayi, ichi ndi chipongwe! Metodi Parushev ndi munthu wodziwika! Ali ndi dzina!"

"Zoona, bambo, pepani kwambiri," ndinkayankha mwaulemu. "Alidi ndi dzina. Nanga dokotala amene anakuchotsani ndulu chaka chatha, mayi wa ana atatu uja, dzina lake ndani?"

Ena ankadula foni. Mmodzi anafunsa mkazi wake, ndipo ndinamva mkaziyo akumuyankha kuchokera patali ndi mawu amene sindingawalembe m'magazini ino. Kumsika amayi a tchizi anandipatsa chibuthu chonse osalola kuti ndilipire. Palibe ngakhale mmodzi amene ananditcha chibwenzi cha uje. Kwa mwezi wathunthu, Metodi ndiye ankalonjeredwa pamsewu kuti, "Muli bwanji, bambo a ana awiri?" ndipo ankavula chipewa chake moleza mtima ngati wofera chikhulupiriro.

Chigamulo cha ku Vienna chinabwera chachifupi: aliyense agwirire ntchito kumene imamuyendera, koma Lachisanu tonse tizikumana maso ndi maso, m'nyumba ya khofi ya pansi pa ofesi, kumene kulibe masitepe. Metodi amati anapambana ndi iye. Ine ndimati ndine. Masamba athu awiri akupitirirabe kulasana.

7

Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka inu akazi anzanga amene tsitsi layamba kuyera ndi imvi, ndikusiyireni mawu awiri. Ndinabisa munthu wabwino kuseri kwa matumba a tsabola chifukwa choopa mzere umodzi wa zilembo zikuluzikulu. Ndinali ndi chifukwa choopera, pakuti mzere umenewo wameza akazi ambiri oposa ine nzeru. Koma ndinaiwala kuti cholembera chinali m'dzanja langa nthawi yonseyo. Mukamawerenga nyuzipepala mawa, mukapeza "mayi wina," "mkazi wa uje," "agogo," imani pang'ono, mufunse kuti dzina lake ndani. Alipo amene analitchula mokondwa tsiku limene anabadwa.

Kwathu kuno munthu akamwalira, timamata chikalata cha maliro pachitseko ndi pamitengo ya m'misewu, chokhala ndi chithunzi ndi dzina. Pa msinkhu wanga ndikudziwa kuti umenewo ndiwo mutu wotsatira umene udzalembedwe za ine, ndipo sindidzakhalapo kuti ndiukonze. Ndamuuza kale Metodi mawu oti adzalembe pachikalatacho, ndipo nthawi ino ndamulumbiritsa pa Baibulo, popeza ndaona mphamvu ya lumbiro lake akakhala pafupi ndi tsabola.

Pakadali pano, tinakwatirana m'nyengo yachisanu, Mayi Siyka ali mboni, ndipo anatipatsa mphatso ya mafyuzi odzaza bokosi. Mukadzadutsa m'nyumba yathu yosanja, mudzaona pachitseko kachitsulo katsopano kamene Metodi anakakhoma yekha, mokhota pang'ono. Pamwamba palembedwa kuti Velika Staneva. Pansi pake, Metodi Parushev. Ndinaumirira ndine kuti lake likhalepo lonse, pakuti bambo wa ana awiriyo, monga mzinda wonse unandikumbutsa, ali ndi dzina.